Kalata yotseguka kwa oyendetsa zaumoyo m'mizinda: chipatala chili pafupi, mayi sakufikako

Olemekezeka nduna zoona zaumoyo, akuluakulu a makhonsolo a mizinda, ndi inu nonse amene mumagawa ndalama za zipatala,

Ndikulemba ngati munthu amene wakhala zaka zambiri m'dera la anthu osauka la mumzinda, kumene nyumba zimagundana madenga ndipo njira yapakati pake imakwana munthu mmodzi. Kumeneko ndakhala ndikuperekeza amayi oyembekezera ku sikelo, kuwadikirira panja pa chipinda choberekera, ndi kuwasenzera katundu pobwerera. Nkhani yanga ndi imodzi: mukaona pa mapu kuti chipatala chili pafupi ndi dera lathu, mumatilemba m'gulu la anthu amene athandizidwa kale, ndipo maso anu amapita kwina. Ndikupempha kuti muwabweze.

Ndiyambe ndi usiku umene sindiuiwala. Mtsikana woyandikana naye nyumba anali ndi pakati poyamba, miyezi isanu ndi itatu. Kwa masabata awiri mapazi ake anali otupa moti nsapato zinaleka kulowa, nkhope inafufuma, ndipo ankadandaula mutu ndi kuona tinyenyezi m'maso. Ndinamuuza kuti apite ku sikelo. Anandiyankha kuti ulendo wathawo anafika m'bandakucha, anakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka, ndipo atalowa anauzidwa kuti makina oyezera kuthamanga kwa magazi afa. Tsiku lomwelo abwana ake kumene ankachapa zovala anamudula malipiro. Anati apita mwezi ukatha. Mwezi sunathe. Cha m'ma 1 koloko usiku mwamuna wake anagogoda pakhomo panga akulira, ndipo ndinapeza mtsikanayo ali pansi akugwedezeka thupi lonse, thovu kukamwa, lilime atadziluma.

Tinaimbira ambulansi. Woyankha anafunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Kwathu kulibe zonsezo. Ndinayamba kufotokoza za mpope wa madzi, za ngalande yaikulu, za nyumba ya chitseko chofiira, iye n'kunena kuti dalaivala sangalowe kumeneko usiku, timutulutsire kumsewu waukulu. Amuna anayi anamunyamula m'bulangete, wina akuunikira ndi foni, akuponda m'matope ndi kulumpha ngalande. Titafika pamsewu, magetsi a chipatala chachikulu ankaoneka poteropo, mwina makilomita atatu. Tinakalowa pachipata patatha maola awiri ndi theka. Mtsikanayo anapulumuka. Mwana anabadwa atafa kale.

M'mabuku anu mayi ameneyu ali m'gulu la amayi amene anapita ku sikelo, amakhala pafupi ndi chipatala, ndipo anaberekera m'manja mwa anthu ophunzira ntchitoyo. Mizere yonse itatu inachongedwa, ndipo palibe mzere umene unalemba maola awiri ndi theka aja.

M'chinenero chathu mayi woyembekezera timamutcha wapakati, ndipo akuluakulu amati ali pakati pa moyo ndi imfa. Ziwerengero za bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) zikusonyeza kuti mawuwa sanakalambe. M'chaka cha 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira pa zifukwa zokhudza pakati ndi kubereka, kutanthauza amayi oposa 700 tsiku lililonse, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 alionse anali a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Mayiko analonjezana kuti pofika 2030 imfa zotere zikhale zochepera 70 pa ana 100,000 obadwa amoyo, koma mu 2023 chiwerengero cha dziko lonse chinali 197. Izi mukuzidziwa, mumaziwerenga pamisonkhano. Chimene sichiwerengedwa kawirikawiri ndi mmene imfazo zimagawikira mkati mwa mzinda umodzi.

Mukaphatikiza amayi a m'madera a mipanda ndi magalimoto ndi amayi a m'madera ngati lathu, n'kutulutsa nambala imodzi ya mzinda wonse, nambalayo imaoneka bwino kuposa ya kumudzi. Kenako pamatuluka mfundo yakuti vuto lili kumudzi basi. Ofufuza a African Population and Health Research Center atawerenga paokha amayi a ku Korogocho ndi Viwandani, madera awiri a anthu osauka mumzinda wa Nairobi, anapeza kuti pakati pa 2003 ndi 2005 amayi 706 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo, kuposa chiwerengero cha dziko lonse la Kenya pa nthawiyo. Anthu amenewa ankakhala mumzinda womwe uli ndi zipatala zikuluzikulu za dzikolo. Ndipo musaganize kuti izi n'za mayiko osauka okha. Ku United States mu 2021 amayi akuda ankamwalira 69.9 pa ana 100,000, pamene azungu anali 26.6. Ku United Kingdom malipoti a MBRRACE, gulu lofufuza imfa za amayi ndi makanda, akhala akusonyeza kuti mayi wa m'dera losaukitsitsa ali pachiopsezo cha imfa pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wa m'dera lolemera. Anthu oposa 1 biliyoni padziko lapansi amakhala m'madera omangidwa mopanda dongosolo ngati lathuli, ndipo mizinda ikukulabe. Choncho pempho langa loyamba n'losavuta: lamulani kuti imfa za amayi, ana obadwa atafa ndi ana omwalira m'mwezi woyamba ziziwerengedwa dera ndi dera, molingana ndi kumene mayi amagona, osati chipatala chimene anafera. Mukatero mudzaona madera amene akubwerezabwereza pamndandanda.

Mu 1994 ofufuza awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti mayi amafa chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Ambiri akamva za kuchedwa panjira amaganiza za mapiri ndi mitsinje yosefukira. Mumzinda mtunda umayezedwa ndi zina. Umayezedwa ndi njira imene galimoto silingalowe, ndi mdima umene ngakhale amuna amaopa kuyendamo chifukwa cha achifwamba, ndi woyendetsa galimoto ya hayala amene amakweza mtengo akaona kuti mulibe pothawira, ndi ana aang'ono amene mayi alibe womusiyira chifukwa abale ake onse ali kutali. Masana mtunda ndi mzere wa ku sikelo. Mayi wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu kapena wogwira ganyu alibe tchuthi. Tsiku limene wakhala pabenchi ndi tsiku limene ana ake agona ndi njala. Kuyambira 2016 WHO imalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu pa pakati pamodzi, koyamba masabata 12 asanathe. Malangizowo ndi abwino. Koma ngati ulendo uliwonse udya tsiku lathunthu, mukupempha mayi wosauka kuti ataye malipiro a masiku asanu ndi atatu, ndipo akalephera mumamulemba kuti ndi wosamvera.

Kodi n'chiyani chikuletsa kuti zipatala zing'onozing'ono za m'madera amenewa zizitsegula sikelo madzulo ndi Loweruka? Kodi n'chiyani chikuletsa kupatsa mayi ola lake lofikira, mmalo moti onse afike m'bandakucha n'kumalimbirana malo? Izi sizifuna nyumba yatsopano. Zifuna munthu waudindo amene anakhalapo pabenchi ija kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kumva mmene msana wa mayi wa miyezi isanu ndi itatu umawawira.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhani ya mtsikana uja n'chakuti matenda ake ndi odziwika, ndipo njira yowagwirira ndi yotsika mtengo. Kuthamanga kwa magazi kwa mayi wapakati kumaoneka ndi makina ogwirika m'manja ndi kapepala koyezera mkodzo. Mankhwala oletsa kukomoka kuja, magnesium sulphate, akhalapo zaka zambirimbiri, ndipo kafukufuku wa Magpie wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anasonyeza kuti amachepetsa chiopsezo cha kukomokako ndi kuposa theka. Mtsikanayo ankafunika munthu mmodzi wokhala ndi makina amoyo, woti afike pakhomo pake sabata imene mapazi anayamba kutupa.

Munthu ameneyo ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene mayiko ambiri amalankhula zabwino n'kuchita zochepa. Dziko la Brazil linayamba mu 1994 ndondomeko ya zaumoyo wa mabanja. Gulu lililonse limakhala ndi dokotala, namwino, wothandiza namwino ndi alangizi angapo, ndipo limapatsidwa dera lake ndi mabanja ake. Mlangizi amasankhidwa mwa anthu okhala m'dera lomwelo, amalandira malipiro, ndipo amayendera khomo lililonse pafupifupi mwezi ndi mwezi, kaya muli wodwala kaya mulibe. Ndondomekoyi inafika mpaka m'madera othithikana a m'mizinda ngati Rio de Janeiro. Mlangizi wotere safunsa nambala ya nyumba chifukwa njira zonse anakuliramo. Amadziwa mtsikana amene akubisa pakati poopa makolo, amadziwa mayi amene wangosamukira kumene ndipo sadziwa kumene kuli sikelo, amadziwa khomo limene mwamuna amamenya mkazi. M'madera athu anthu amasamuka kawirikawiri, lendi ikawakanika, ndipo mayi amene anayamba sikelo mbali ina ya mzinda amasowa m'kaundula osafunsidwa ndi aliyense. Mlangizi wa m'dera ndi amene angamupeze.

Koma ntchito imeneyi m'malo ambiri mwaisiya m'manja mwa anthu ongodzipereka, ambiri a iwo amayi osauka ngati omwe akuwathandizawo. Amapatsidwa malaya olembedwa dzina la pulojekiti ndi kabuku, pulojekiti ikatha iwonso amatha. Mu 2018 WHO inatulutsa malangizo onena poyera kuti alangizi a zaumoyo a m'madera azilipidwa molingana ndi ntchito yawo, akhale ndi mgwirizano wolembedwa, aphunzitsidwe ndi kuyang'aniridwa. Ndaona amayi akhama akusiya ntchitoyi misozi ili m'maso chifukwa sangadyetse ana awo ndi mawu oyamikira. Alembeni ntchito, muwapatse makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi mabatire ake, ndi nambala ya foni ya mzamba amene angayankhe usiku.

Za ulendo wa usiku, musadikire kuti misewu ikonzedwe kaye, chifukwa ana akubadwa usiku uno. Khalani pansi ndi anthu a m'deralo, musankhe malo odziwika m'mbali mwa msewu waukulu kumene ambulansi izikumana ndi wodwala, muikepo nyale ndi machira. Gwirizanani ndi oyendetsa magalimoto ndi njinga zamoto okhala komweko kuti akanyamula mayi amene matenda ayamba, alipidwe ndi khonsolo mawa lake, asayambe kukambirana mtengo ndi banja pamene mayi akutaya magazi. Ndipo inu a khonsolo, lekani kunena kuti dera losavomerezeka silingapatsidwe chipatala, madzi kapena mayina a njira. Mkangano wa malo ndi wanu ndi eni nthaka. Mwana amene ali m'mimba sanalande malo a munthu.

Akafika kuchipatala nkhani siinathe. Chimene chimapha amayi ambiri pobereka ndi kutaya magazi, ndipo mayi wathanzi akhoza kutha m'maola awiri. Oxytocin, jakisoni amene amathandiza chiberekero kukhwinyata, amafuna kusungidwa pozizira, ndipo m'chipatala chimene magetsi amazimazima akhoza kufooka asanafike pa mayi. Alipo mankhwala ena oletsa kutaya magazi, carbetocin wopirira kutentha ndi misoprostol, ndipo kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, wa amayi 20,000 m'mayiko 21, anapeza kuti mankhwala otchedwa tranexamic acid akaperekedwa maola atatu asanathe mayi atachira amachepetsa imfa za kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mu 2023 kafukufuku wa E-MOTIVE, amene anachitika m'zipatala 80 ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anasonyeza chinthu chimene chinandidabwitsa kuphweka kwake. Anayala pansi pa mayi pulasitiki yokhala ndi thumba la mizere yoyezera magazi, kuti mzamba asamangoyerekeza ndi maso, ndipo magazi akafika pamzere woopsa chithandizo chonse chinkaperekedwa nthawi imodzi mmalo moyesa chimodzichimodzi. Kutaya magazi koopsa kunatsika ndi 60 peresenti. Funsani lero kuti zipatala zing'onozing'ono za m'madera osauka a mzinda wanu zili ndi zinthu zimenezi kapena ayi. Musafunse kuofesi, pitani mukatsegule kabati.

Sindikufuna kuti kalatayi imveke ngati mlandu wa azamba ndi anamwino. Ndawaona mzamba mmodzi akuthamanga pakati pa amayi asanu ndi mmodzi usiku wonse, wina ali pabedi, awiri pansi, alibe ndi nthawi yomwa madzi. Lipoti la mu 2021 la za uzamba padziko lonse linati pakusowa azamba 900,000. Munthu wotopa chotero amakalipa, ndipo mayi amene wakalipiridwa, kapena kumenyedwa mbama pa ntchafu, kapena kuvulidwa pamaso pa anthu popanda nsalu yotchinga, akabwerera kwawo amauza anzake onse. Pakati potsatira amaberekera kunyumba, kapena kwa munthu amene watsegula kachipinda n'kulemba pakhomo kuti ndi chipatala, wopanda chiphaso, wopanda magazi, wopanda galimoto yotumizira wodwala zinthu zikavuta. Tizipatala totere tadzaza m'madera athu chifukwa timatsegula usiku, tili pafupi, ndipo timalandira munthu ndi ulemu. Kungotitseka sikuthetsa kanthu ngati simuikapo china. Yenderani tizipatalati, tabwino mutithandize ndi kutilumikiza ku chipatala chachikulu, toopsa mutitseke. Ndipo lolani mayi alowe ndi munthu mmodzi amene wamusankha yekha, monga WHO inalangizira mu 2018. Woperekeza amaona magazi akayamba kuchuluka pamene mzamba ali pabedi lina, ndipo pamaso pa mboni mawu achipongwe amachepa.

Za ndalama ndinene mwachidule. Kumene mayi amalipira kuti abereke, wosauka amadikira kunyumba mpaka zitafika poipa. Sierra Leone inachotsa malipiro kwa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu mu 2010, Kenya inachotsa malipiro oberekera m'zipatala za boma mu 2013, ndipo mu 2015 khoti lalikulu la ku Kenya linagamula kuti kutsekera amayi m'chipatala cha amayi cha Pumwani ku Nairobi chifukwa cholephera kulipira kunali kuphwanya ufulu wawo. Koma ulere wa papepala umatha mphamvu ngati mayi akuuzidwa kuti abwere ndi magolovesi, thonje, lezala ndi mankhwala ogula yekha. Atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo ndi mayiko ochepa kwambiri amene anafikapo. Ngakhale ndalama zimene zilipozo, zambiri zimathera m'zipatala zikuluzikulu, pamene mfundo imene mayiko anagwirizana ku Alma-Ata mu 1978, n'kuibwereza ku Astana mu 2018, inali yakuti chithandizo choyamba chifike kumene anthu amakhala ndi kugwira ntchito.

Gawo limene laiwalika kuposa onse ndi la mayi akachira. Tonse timapumira m'mwamba mwana akalira, ndipo chifukwa mabedi ndi ochepa, mayi amatulutsidwa patangotha maola ochepa. Komatu masiku oyambawa ndi amene amayi ndi makanda ambiri amafa. Malangizo a WHO a mu 2022 amati mayi akhale m'chipatala maola osachepera 24, aonedwenso pakati pa maola 48 ndi 72, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa sabata yachisanu ndi chimodzi. M'dera lathu sindinaonepo munthu wa chipatala akugogoda pakhomo pa mayi tsiku lachitatu. Mayi amabwerera m'chipinda chimodzi chimene akugonamo anthu asanu ndi awiri, chimbudzi n'chogawana ndi mabanja khumi, madzi ndi ogula pa ndowa. Bala la opaleshoni limayamba mafinya, thupi limatentha, mchombo wa mwana umafiira, ndipo aliyense amaganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Kumudzi mwina pakanakhala amayi ake kapena apongozi. Mumzinda ambiri ali okha, mwamuna wapita kukasaka ganyu m'mawa. Ena amalowa m'chisoni chachikulu, osagona, osafuna kuyang'ana mwana, ndipo alibe ndi mawu ofotokozera zimene zikuwachitikira. Sabata yachiwiri mayi wabwerera kale pamalonda, khanda kumsana, chifukwa lamulo la tchuthi cha uchembere limateteza olembedwa ntchito m'maofesi, iye silimudziwa.

Ana obadwa masiku asanakwane ndiye ali pachiopsezo choposa. Njira ya kangaroo, yoika khanda pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978 m'chipatala cha mumzinda chodzaza ndi amayi osauka chimene chinalibe makina okwanira ofunditsira ana. Inabadwira m'mavuto ngati athu omwewa. Koma kuti itheke kunyumba pamafunika wina wotunga madzi, wina wophika, wina wobwera kudzayeza ngati mwana akukwera sikelo. Apanso tabwerera kwa mlangizi wa m'dera uja, wolipidwa, wokhala ndi sikelo yake m'chikwama.

Mtsikana uja atatuluka m'chipatala palibe amene anabwera kudzamuyeza kuthamanga kwa magazi, ngakhale matenda ake amatha kubwereranso masiku oyamba mayi atachira. Palibe amene anamufotokozera chimene chinapha mwana wake, kapena kumuuza kuti pakati potsatira ayenera kuyamba sikelo msanga ndi kuonedwa pafupipafupi. Mabere anadzaza mkaka, ndipo ndinali ine amene ndinamuthandiza kuwamanga ndi nsalu, tonse tikulira. Imfa ya mwanayo sinafufuzidwe, chifukwa m'malo ambiri mwana wobadwa atafa salembedwa n'komwe, ngakhale ana otere amakwana pafupifupi 1.9 miliyoni pa chaka padziko lonse. Ndikupempha kuti imfa iliyonse ya mayi ndi ya khanda, ndi mayi aliyense amene wapulumukira pakamwa pa imfa, azikhalirapo pansi, ndipo pamsonkhanopo pazikhala munthu wochokera m'dera lakelo woti anene za makina akufa aja ndi za ngalande zija. Cholinga chisakhale kupeza namwino woti asenze mlandu, chifukwa mukatero anthu amabisa.

Tsopano ali ndi pakati pena, miyezi inayi. Ndinamuperekeza ku sikelo sabata yatha. Tinanyamuka kusanache, ndipo pamene tinkafika tinapeza amayi oposa 40 atakhala kale pabenchi ndi pansi. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi analipo amodzi, akugwira ntchito. Anamuuza kuti abwerenso pakatha milungu inayi, ndipo panjira pobwerera anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wa galimoto amene angavomere kusunga nambala yake ndi kudzuka usiku. Ndikumufunafunabe munthuyo. Ndikupempha kuti mubwere m'dera lathu dzuwa litalowa, musiye galimoto pamsewu waukulu, muyende nafe wapansi kuchokera pakhomo pake mpaka pachipata cha chipatala, wotchi ili m'manja, mwana wake asanabadwe.

Ine wanu,
Mayi wokhala m'dera la anthu osauka mumzinda, woperekeza amayi anzake ku sikelo